Ng'oma ya Mpingo Inapsera ku Beira

Ine Fulansisi sukulu ndinalekera giredi sikisi, koma dziko ndaliyenda kuposa aphunzitsi onse a ku Mlolo. Ndiye tcherani khutu achinyamata, ndikuuzeni za msuweni wanga Dominiko.

Pakhomo pa amalume anga a Ezara, akatekisiti athu, panali pokoma. Kukacha pemphero, kenako onse kumunda wa mtedza. M'nyumbamo munkasungidwa ng'oma ya kwaya, yosema amalumewo, ndipo woimba anali Dominiko. Abale, masiku amenewo! Lamulungu m'mawa tinkasonkha kamoto ka udzu kuseri kwa tchalitchi, iye nkumaiwamba, akuitembenuza, akuigogoda ndi chala mpaka itakungika. Ikalira, ndi azigogo a ndodo omwe ankaimirira. Anamuphunzitsa ndine, ngakhale iye amakana.

Kenako kunabwera Whiteson, wothandizira dalaivala wa thiraki yodutsa pa malire a Chanida kupita ku Beira. Anamuonetsa Dominiko kanema pa foni.

"Ona, mphwanga. Chaka ndi chaka kugombe la nyanja yamchere kumakhala chikondwerero cha jazi. Malipenga, magitala, anthu a mitundu yonse. Manja akowa ungawathere pa Aleluya?"

Dominiko anakapempha ng'oma kwa atate ake.

"Si yanga, ndi ya mpingo," anatero a Ezara. "Komanso mlongo wako Lefina akumanga ukwati Loweruka la sabata la mawa. Adzalowa m'tchalitchi ndi chiyani? Khala pansi, mwana wanga."

M'mawa mwake tili kumunda, ng'oma ndi Dominiko zii.

"Fulansisi, iwe misewu umaidziwa," anandiuza amalume. "Kanditengere mwana ndi ng'oma ukwati usanafike."

Anasankha bwino. Chipwitikizi ndimachilankhula ndi manja omwe. Ndinapempha malo pa thiraki ina, ulendo.

Ndisaname, kumaloko ndimakusowa mpaka lero. Madzi opanda tsidya, mchenga woyera ngati ufa, mdala wina akuliza lipenga lopindika ngati akudandaula maliro. Mayi wina wa ku Mali ankaimba ndi chipanda cha zingwe, ine misozi mbwee. Povina anthu anandipatsa bwalo, musafunse.

Dominiko sanali pa siteji ayi. Alonda anamubweza pageti. Ndinamupeza kunja kwa mpanda, pa ogulitsa mowa, pomwe ankaimbira zidakwa nkumalipidwa mabotolo. Maso psuu, manja opanda kanthu.

"Msuweni, ng'oma ili kuti?"

"Ikuwambidwa. Mphepo ya kunyanja yailefula, ikungoti bu bu ngati dzungu. Whiteson wati azungu andiitana posachedwa."

"Waiwamba pati?"

Analoza mbaula ya mayi wokazinga nsomba. Ng'oma ili chotsamira pa makala, palibe woitembenuza.

"Iwe! Moto wa udzu umazima wokha, makala sazima!"

"Wa giredi sikisi andiphunzitse ine?"

Ndinathamanga, ndipo liwiro langa mukulidziwa. Ndisanafike, phwaa! Chikopa chinang'ambika, mtengo nkugwira moto. Mayi uja anaithira madzi otsukira nsomba. Whiteson atamva, anati akukaona matayala. Sitinamuonenso.

Tinafika ku Mlolo ukwati uli mkati. Lefina analowa m'tchalitchi kwaya ikuomba chigubu chotungira madzi, akuchimuna akutsinana nkumaseka. Atatuluka, Lefina anamuona mlongo wake ataima pamsewu, chikuni chakuda chili paphewa.

"Achimwene, mwabwera ndi chimenecho?" Anangofunsa zomwezo, nkutembenuka.

Lamulungu a Ezara anaimirira kutsogolo kwa mpingo.

"Munandisungitsa chinthu chanu, ndalephera. Wolephera nyumba yake sangatsogolere mapemphero."

Anatula ukatekisiti pomwepo. Dominiko anagwada pakati pa anthu, kulira ngati mwana. Anamukhululukira, inde. Koma ng'oma yatsopano imasungidwa kwina, woimba ndi mnyamata wina wa manja ngati makasu. Amalume amakhala kumbuyo pabenchi, msuweni wanga pambali pawo, ndipo kwaya yathu sinakomenso ngati kale.

Ndiye imvani kwa ine amene ndinaona nyanja. Chinthu chosungitsidwa musachigwire, ngakhale chitakhala m'nyumba mwanu. Wokunyengererani adzathawa, mowa udzakupusitsani, ndipo manyazi anu adzawasenza ndi makolo anu.