Kadera Kopyapyala Pansi pa Boti

Kompyuta inakananso kachinayi, ndipo Monde anangogwira m'mutu. Anali atangotha milungu itatu akuphunzira ntchito pa kampani yaing'ono yokonza maboti kufupi ndi bwalo la ndege. Anamukhazika pampando wa Ba Simataa, katswiri wojambula amene anamwalira mwezi wathawo. Chipewa chawo chinali chikadali pamsomali, ndipo palibe ankafuna kuchikhudza.

M'kompyutamo Ba Simataa anasiyamo chithunzi cha boti lakale la aluminiyamu, la makoma opyapyala. Kuti makina ayese ngati botilo lingapirire katundu, makomawo anayenera kugawidwa m'timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, tondandalikana ngati njerwa. Amati meshi. Koma timabokosito n'tamakani. Tikapeza kabowo kapena kokhota kosayembekezeka, timakana kulowa, ndiye munthu amayamba wasesa chithunzicho, kuchotsa tinthu topanda ntchito.

Chovuta chinali kadera kamodzi pansi pa botilo. Paliponse khoma linali mamilimita anayi, koma pamenepo Ba Simataa analemba limodzi ndi theka.

"Bamudala benze kudwala masiku yaja," Monde anadziuza yekha. "Dzanja inaterereka chabe."

Anadzaza kaderako, khoma lonse n'kukhala lofanana. Timabokosi tinalowa mosavuta, ndipo mayeso anatuluka obiriwira, kusonyeza kuti boti n'lolimba. Paja amati fulumira adadya gaga, koma tsiku limenelo gagayo ankakoma. Ba Njekwa, eni kampani, anasuzumira n'kumwetulira.

"Wachita bwino, mwana. Manje boti izayenda pa Satade. Izatenga bana ba sukulu ba ku Linda, ba giledi faifi."

Mng'ono wake wa Monde, Lungowe, anali m'kalasi imeneyo.

Kunyumba anapeza Lungowe akuchapa nsapato zake zoyera, ulendo ukadali masiku atatu. Monde sanadye bwino. M'mawa mwake atakhala pampando uja, zinkangokhala ngati mwini wake waima kumbuyo akupuma pang'onopang'ono. Akatembenuka, ankangoona chipewa. Akayang'ana mayeso obiriwira aja, ankaonamo madzi a Zambezi ndi tinsapato toyera tikuyandama. Anachita mantha ndithu.

Masana, anzake atapita kukadya, anatuluka kupita pamene boti lenilenilo linakhazikidwa pa zitsulo, n'kukwawira pansi pake. Sanafufuze nthawi yaitali. Panali mzere wozungulira wa choko, ndipo m'kati mwake, m'zilembo zopendekeka za Ba Simataa, munalembedwa 1.5. Anakanikiza ndi chala chachikulu, chitsulocho n'kulowa m'kati ngati chivundikiro cha chitini. Mchenga ndi miyala ya mumtsinje zinali zitachidya kwa zaka. Dzanja la malemu silinaterereke ayi. Anachita kugona pansi pomwepo, odwala chomwecho, n'kuyeza.

Monde anakhalabe m'fumbimo akuganiza. Akanena, mwina amuthamangitsa. Akapanda kunena, mwina botilo lidutsa bwinobwino. Mawu akuti "mwina" sanamunyansepo ngati tsiku limenelo.

Anawapeza Ba Njekwa akusamba m'manja.

"Ba Njekwa, yaja mayeso ni yaboza. Ninafuta vamene Ba Simataa banapima, chifukwa meshi yenze kukana."

Ba Njekwa anapita okha kukakwawira pansi pa boti, ndipo anatulukamo nkhope itagwa.

"Bwezapo vonse monga mwamene venzelili," anatero motsitsa mawu. "Olo itenge wiki, timabokosi tilowe pamene paja." Kenako anaimbira foni kusukulu.

Mayeso atsopano anatuluka ofiira pakadera komwe kaja.

Loweruka Lungowe analira kuyambira m'mawa, akuti mkulu wake ndi wankhanza, wawonongera ana onse ulendo. Monde anakhala pakhonde akumvetsera kulirako, ndipo sanafune n'komwe kuti kuleke.