Saladi ya Lachisanu

Firiji ya pakantini itasiya kuzizira, bwana anaitanitsa wamagetsi. Anabwera bambo wamtali, ovolosi ili mbee ngati sagwira ntchito. Kukhitchini anapeza wophika mmodzi, mtsikana amene anzake ankamutchula Phee chifukwa chosakonda zoyankhulayankhula.

"Ikapanda kuzizira pofika masana, saladi yangayi nditaya," anatero Phee.

"Kutaya? Ine ndili moyo?" Wamagetsi anatapa ndi supuni, nalawa, kenako anatsinzina. "Achemwali, amene adzakukwatireni sadzaonda!"

Phee sanaseke, koma nambala ya foni anapereka.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo. "Wafika bwino, duwa langa?" Mawa lake: "Mtima wanga, ndalephera kugwira ntchito, mawaya onse akuoneka ngati iwe." Patatha mwezi anamulembera lonjezo limene Phee analiwerenga mpaka kuliloweza: "Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete. Ndikanama, magetsi andigwire!"

Chimene wamagetsi ankapempha chinali chimodzi chokha, saladi ya mbatatesi Lachisanu lililonse. Osati ya pakantini yopangira chigulu ayi, koma yopangira kunyumba.

Phee ankaipanga m'kachipinda kake asanapite kuntchito. Mbatatesi ankaziphika ndi makoko omwe m'madzi a mchere mpaka mpeni uzilowa osavuta. Akasenda ndi kudula, ankawaza viniga zikadali zotentha, n'kuzisiya kuti zizizire. Mazira owiritsa ankachotsa zachikasu zake n'kuzipota m'mayonezi ndi supuni ziwiri za yogati. Anyezi ankayamba wamuviika m'madzi ozizira kuti ukali uchepe. Posakaniza ankatembenuza pang'onopang'ono, kuopa kuti zingasanduke phala.

Poweruka, wamagetsi ankabwera kudzatenga bakuli la chivindikiro chabuluu.

"Bwanji osadyera pompano, tidyere limodzi?" Phee anafunsa tsiku lina.

"Bebi, ndimafuna ndikadye ndili ndekha, ndikuganizira za iwe."

Kodi munthu ukakonda umafunsanso kawiri?

Lachisanu lina kunabwera meseji. "Wokondedwa, lero sindibwera. Chimfine chandigwetsa, ndili gone kunyumba."

Phee anapempha kuweruka msanga kuti akamuperekere bakuli la saladi kunyumba kwake. Anadzera kumalo kumene wamagetsi ankagwira ntchito, ndipo mnzake wina anamulondolera njira mosavuta, kuyesa kuti ndi kasitomala. Inali nyumba ya geti lachitsulo, panja atayanika mapeyala awiri a ovolosi.

Amene anatsegula chitseko ndi mayi woyembekezera, miyendo yotupa, atagwira m'chiuno. Maso ake anagwera pabakuli.

"Chivindikiro chabuluu! Ndinu a saladi aja? Koma amuna anga! Amandiuza kuti amagula kwa agogo ena okalamba, opanda mano. Lowani, asisi, lowani!"

Phee analowa. Pakhoma panali chithunzi cha ukwati. Anachiyang'ana kamodzi basi.

"Chiyambireni mimbayi, chilichonse ndikadya chimabwerera," mayiyo anapitiriza, akutsegula bakuli. "Yokhayi ndi imene imakhazikika. Miyezi inayi ndakhala ndi moyo chifukwa cha manja anu. Ndayesera kupanga ndekha, koma imatuluka mafuta okhaokha. Ndimalakwitsa pati?"

"Mumathira mayonezi mbatatesi zikadali zotentha," anatero Phee. Mawu ake anatuluka bwinobwino, mpaka iye mwini anadabwa.

"Mungandionetse? Chonde. Mbatatesi zophikaphika zilipo."

Anamuonetsa. Anaima m'khitchini ya mkazi mnzakeyo, akudula anyezi ndi mpeni wobuntha, akufotokoza za viniga ndi mazira monga amachitira ndi ophika atsopano kuntchito. Mayiyo ankalemba zonse kuseri kwa kalendala, uku akunyambita supuni.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Wamagetsi anatuluka atafunda bulangete, mphuno ili psuu. Ataona amene waima pasinki, anangoti kakasi.

"Bambo, bwerani muwathokoze agogo anu aja," mkazi wake anatero akuseka. "Mano ali nawo onse!"

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Phee, akupukuta manja.

"Nda... ndaswera."

"Mayi aphunzira. Kuyambira lero azipanga okha, simudzavutikanso kubwera kwathu."

Mayiyo anamuperekeza mpaka pageti, akuyenda movutikira. "Mwana akabadwa mudzabwere kudzamuona, asisi. Ndi wanunso ameneyu, mwamulera ali m'mimba."

"Saladiyo muziika mufiriji ola limodzi musanadye," anayankha Phee.

Asanafike pasiteji, foni inayamba kunjenjemera ndi mameseji. "Mtima wanga, si mmene ukuganizira." Kenako ina: "Ndimafuna kukuuza, ndimangosowa poyambira." Kenako inanso: "Bebi, yankha chonde!" Anawerenga onse, nazimitsa foni, nakwera basi. Anakhala pawindo, manja ali pamiyendo, akuona masitolo akudutsa. Ankadziuza kuti palibe chimene chikumupweteka.

Atayenda ndithu, kondakitala anamugwira paphewa.

"Asisi, mutsikira pati?"

Phee anatsegula pakamwa, koma dzina la siteji ya kwawo, imene ankatsikirapo tsiku ndi tsiku, linamuthawa. Kondakitala anadikira, kenako ataona misozi ikutsika, anatembenuka n'kufunsa munthu wina.