Khadi la Pansi pa Masitepe

Sajeni Kalisto anafika panyumbapo nthawi itangokwana 2 koloko masana, Lachisanu. Inali nyumba yakale yosanja, pafupi ndi mlatho wa Mangochi. Kalipentala Uladi anali chigonere pansi pa masitepe amene iye mwini anawakhoma sabata yomweyo, mutu utaphwanyika kunkhongo.

Mwini nyumbayo, a Gilford, tcheyamani wa nthambi ya chipani, anati iwo anali kumsika tsiku lonse. Anawonjezera kuti apolisi agwire Yasini, mnzake wa Uladi pantchito, poti awiriwo anakangana dzulo lake.

Kalisto anayendera masitepewo. Vanishi anali asanaume. Pa thabwa lachisanu komanso lachisanu ndi chimodzi panali mapazi a nsapato yachikopa, pomwe malemuyo anavala patapata.

Kalisto anam'funsa Yasini mafunso ola lathunthu kupolisi. Kukangana Yasini anavomera, koma anati nkhani yake inali ya sowo yothyoka. Masana onse anali kumzikiti, ndipo anthu asanu ndi atatu anam'chitira umboni. Kalisto anam'masula, ngakhale bwana wake analamula kuti agone m'chitolokosi kuti a tcheyamani asakhumudwe.

Loweruka m'mawa anapita kwa Mponda kukaona Asiatu, mkazi wa malemuyo. Mayiyo anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa khadi la chipani la chaka cha 1971. Uladi analipeza pophwasula masitepe akale, litakanikizidwa mumng'alu. Dzina linali la Macloud, mphunzitsi amene anali mwini nyumbayo, yemwe anatengedwa chaka chomwecho pa mlandu wokana kugula khadi, nafera kundende. Uladi anauza mkazi wake kuti akawafunsa a Gilford Lachisanu asanakalipereke kwa Aida, mkazi wa mphunzitsiyo.

Kalisto anakawerenga failo yakale ya mlandu wa Macloud. Amene ananenera Macloud anali Gilford, yemwe ankachita lendi m'chipinda chake chapansi.

Pa 4 koloko anawaitanitsa a Gilford. Anawavula nsapato, naziika pathebulo mogadabuza. Kunsi kwa nsapatozo kunali vanishi wouma, utuchi utamatirira.

"Kumsika kuli vanishi?"

A Gilford anafunsa ngati sajeniyo akudziwa amene akulankhula naye.

"Ndikudziwa. Munaba khadi la munthu wokusungani, n'kukanena kuti wakana kugula. Anafa. Mkazi wake munam'pirikitsa ndi ana atatu. Tsopano mwapha mmisiri amene amakukonzerani nyumba yobayo."

Anaponya khadilo pathebulo. A Gilford analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaulula. Anati zaka zinayi ankamva mapazi a Macloud pamwamba pa mutu wawo, ndipo anafuna kugona m'mwambamo iwo. Uladi anawauza za khadilo ataima pamwamba pa masitepe. Iwo anakwera, nam'pempha kuti awapatse. Atakana, anam'kankha.

"Sindinafune kuti afe," anatero.

"Nanga Macloud?"

Kalisto anawamanga unyolo yekha, osadikira chilolezo cha bwana wake.

Lolemba anakapeza Aida akuyanika usipa kwa Chembe, namuonetsa khadilo. Mayiyo anapukuta manja, nalilandira ndi manja awiri.

"Anandilumbirira kuti anagula," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lomwe ankamutenga, ine ndinam'kalipira kuti watipha ndi makani ake."