Kamphuno ndi Dzuwa la ku Phalula

Amayi ananena kuti galu asapite. Ananena akusesa pabwalo. Ananenanso akuvala nsapato. Palibe amene anawamvera.

Nelia ankafuna kupita ndi galu wake. Galuyo dzina lake anali Kamphuno. Nelia anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kamphuno anali ndi chaka chimodzi.

Ulendo unali wa kwa azakhali a Lilian. Azakhaliwo anali ndi mwana wakhanda. Amayi anatenga sopo wa mwana. Ababa anatenga nkhuku. Nelia analibe mphatso. Anati iye akamuonetsa mwanayo galu.

Kamphuno sanali ngati agalu ena a ku Phalula. Agalu ena anali ndi miyendo yaitali. Iye anali ndi miyendo yaifupi. Agalu ena anali ndi mphuno zosongoka. Iye anali ndi kamphuno kophwatalala. Mutu unali waukulu. Nkhope inali yamakwinya.

Ababa anabwera naye kuchokera ku Zomba ali kamwana. Mayi wake anali galu wa mtundu wa buludogi. Bambo wake anali galu wa m'mudzi. Alendo akamuona ankaima patali. Koma Kamphuno ankathawa ngakhale bakha.

"Bambo a Nelia, galu uyu si wa dzuwa," anatero Amayi.

Amayi sanazipeke okha. Alangizi a ziweto ndiwo anawauza, tsiku la katemera wa chiwewe. Anati galu wa mphuno yaifupi amavutika kupuma kukatentha.

Ababa anaseka. "Galu ndi galu, mayi a Nelia. Bambo wake ankapirikitsa anyani m'phiri."

Nelia anaseka nawo. Amayi sanaseke. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Unali mwezi wa Okutobala.

Ananyamuka mochedwa. Nkhuku inali itathawa, ndipo anayamba aisaka kaye. Pamene ankatuluka m'mudzi, dzuwa linali litakwera kale.

Poyamba Kamphuno anali patsogolo. Ananunkhiza chitsa. Ananunkhiza mwala. Anauwa njinga.

Kenako Kamphuno anali pambali pa Nelia.

Kenako Kamphuno anali pambuyo.

Mchenga unkawotcha. Nelia ankaumva ngakhale anavala patapata. Kamphuno analibe patapata.

Nelia anatembenuka. Lilime la Kamphuno linali lende. Ankapuma wefuwefu, wefuwefu. Amayi nawo ankatembenuka kawirikawiri.

Atayenda pang'ono, Kamphuno anakhala pansi. Ababa anamuimbira likhweru. Anati umenewo ndi ulesi wa agalu a m'tauni. Anakoka chingwe. Kamphuno anadzuka. Anayenda mapazi khumi. Kenako anagwa cham'mbali.

Nelia anagwada. Anamugwira pamimba. Panali potentha ngati mbaula. Lilime linali lofiira kwambiri. Nelia anamuitana dzina. Kamchira sikanagwedezeke. Anamuitananso. Sikanagwedezeke.

Ababa anati angomusiya apume. Anati galu sasochera, awapeza kutsogolo.

"Iyayi, Ababa," anatero Nelia. "Ine pano sindichoka."

Amayi anatsegula botolo lawo la madzi. Munatsala madzi ochepa, otentha. Anati pakufunika mthunzi. Pakufunikanso madzi ambiri, msanga.

Pafupi panali mlambe waukulu. Koma mlambewo unalibe masamba. Chapatali panali mtengo wa mango. Ababa anapatsa Amayi nkhuku. Ananyamula Kamphuno. Anakamugoneka pansi pa mangowo. Tsopano sankasekanso.

Nelia anatchera khutu. Kwii, kwii, kwii. Kunali kulira kwa mjigo. Nelia anathamangira komweko. Patapata mmodzi anavuka. Sanabwerere kukatola.

Pa mjigo panali bambo achikulire. Anavala kachipewa koyera. Amayi otunga madzi ankawaitana kuti Che Usumani. Anali atangodzaza zigubu ziwiri. Ankazimangirira pa njinga.

Nelia anagwada. Anawapatsa moni. Anapempha madzi. Che Usumani anafunsa amene wadwala.

"Ndi galu wanga, agogo."

Che Usumani anati iwo sagwira galu. Chigubu chawonso sichikhudza pakamwa pa galu. Madzi ake ndi omwe amasamba popita ku mzikiti.

"Simumugwira, agogo. Ndimugwira ndine. Inu mungothira."

Che Usumani anamuyang'ana kumaso. Anamuyang'ananso kumapazi, phazi limodzi lopanda kanthu.

"Ludzu ndi ludzu," anatero. "Tsogola."

Anakankha njinga mpaka pa mango. Anaima chapatali. Nelia anathamangira pansi pa mlambe. Anatola chigoba cha lambe chong'aluka. Chinali ngati kambale.

Che Usumani anathira madzi m'chigoba. Nelia ananyamula. Anathira Kamphuno pamimba.

Che Usumani anathiranso. Nelia ananyamulanso. Anathira pakhosi.

Che Usumani anathiranso. Nelia ananyamulanso. Anathira kumapazi.

Amayi anabweza nkhuku kwa Ababa. Anamasula chitenje chapamwamba. Anayamba kumukupiza. Ababa anangoima, nkhuku ili m'khwapa.

Che Usumani anasuzumira nkhope ya Kamphuno. Anafunsa ngati galuyo anawomba khoma. Ababa anati iyayi, anabadwa choncho. Che Usumani anati nthawi ngati imeneyi ngakhale mbuzi zawo zimakhala pamthunzi. Ababa anangosintha nkhuku, kuiika kukhwapa lina.

Chigubu chimodzi chinatha. Pansi pa mango panachita matope. Kamphuno anali chigonere m'matopemo.

Nelia anaika dzanja pachifuwa pa Kamphuno. Anamvetsera. Wefuwefu, wefuwefu. Anamvetseranso. Wefu. Wefu. Kupuma kunayamba kutsika.

Anadikira. Nkhuku inatseka maso. Anadikirabe.

Kenako Kamphuno anadzutsa mutu. Nelia anamuyandikizira chigoba. Amayi anati amwe pang'onopang'ono. Kamphuno anamwa pang'ono. Anapumula. Anamwanso pang'ono.

"Kamphuno," anatero Nelia motsitsa mawu.

Kamchira kanagwedezeka.

Amayi anakhala pansi, msana kutsamira mtengo.

Ababa anathokoza Che Usumani. Amayi anathokozanso. Che Usumani anati palibe kanthu. Anatembenuza njinga kubwerera ku mjigo. Nelia anawatsatira. Anakawapopera madzi mpaka chigubu chinadzaza. Pobwerera anatola patapata wake.

Anakhala pa mangopo masana onse. Anadya mbatata zomwe Amayi anatenga. Dzuwa litapendeka, Kamphuno anaimirira. Koma miyendo yake inali lobodo.

Amayi anayang'ana Ababa. Anawapatsa chitenje.

"Ine?" anafunsa Ababa.

"Galu ndi galu, bambo a Nelia. Koma uyu ndi wolemera."

Ababa anawerama. Amayi anaika Kamphuno kumsana kwawo. Anamanga chitenje pachifuwa. Mutu waukulu unatulukira paphewa. Nelia ananyamula nkhuku.

Anadutsa m'mudzi wina. Ana analeka kusewera. Amayi ena ankapeta nandolo pakhonde. Anafunsa kuti mwanayo watengera kwa yani.

"Watengera kuchimuna," anayankha Amayi.

Amayi aja anaseka mpaka lichero linagwa. Ababa anayendabe, maso kutsogolo. Kamphuno anawanyambita khutu.

Anafika kwa azakhali a Lilian dzuwa lisanalowe. Azakhali anatuluka kudzalandira alendo. Anaona mchimwene wawo atabereka galu. Anagwira chitseko kuti asagwe ndi phwete.

Nelia anasamba m'manja ndi sopo. Anakhala pamphasa. Azakhali anamuika mwana pamiyendo. Mwanayo anali wopepuka kuposa nkhuku. Anagwira chala cha Nelia. Nelia anamuuza kuti galu adzamuona akadzakula.

Kamphuno anagona pakhonde, pa simenti yozizira. Azakhali anaphika mpunga ndi nandolo. Onse anadyera panja. Kamphuno anamugawira pang'ono. Nelia anaona kuti wamaliza zonse.

Atatha kudya, Ababa ananena za mawa. Anati amwa kaye tiyi. Akonza kaye chitseko cha azakhali. Akatero ndiye anyamuka.

Azakhali anati galuyo angotsala. Adzamutenge mvula ikayamba.

Nelia anaganiza za mchenga uja. Anaganiza za mlambe wopanda masamba. Anayang'ana Kamphuno. Sanafune kumusiya. Sanafunenso kumuyendetsa padzuwa.

"Ababa, tinyamuke kusanache," anatero. "Tambala woyamba akangolira. Mchenga ukhala uli wozizira."

Ababa anakanda mutu. Anati nanga chitseko. Azakhali anati chitsekocho chakhala chikuvuta chaka chonse, chidikira. Anati tiyi awaikira m'fulasiki.

"Udzuka iwe?" anafunsa Ababa. "Kusukulu timachita kukukoka mwendo."

"Ndikudzutsani ndine."

Ababa anayang'ana Amayi. Amayi anali atanyamula mwana. Anangogwedeza mutu.

"Chabwino," anatero Ababa. "Kusanache."

Nelia anapempha mabotolo awiri kwa azakhali. Anawadzaza madzi. Anawaimika pakhomo. Kunja kunali kusanade bwino. Anzake a pamudzipo ankamuitana kuti akasewere fulaye. Nelia anawatsanzika. Anayala mphasa yake pafupi ndi zenera, mbali ya khola la nkhuku, kuti amumve tambala.