Khungwa Linagwira pa Tsaya la a Cyprian

Nkhani iyi sindinaitole pamsika kapena m'minibasi. Anandiuza ndi mayi Esitele, mlongo wawo wa a Cyprian, mayi wa Mvano amene bodza amaliopa kuposa njoka, ndipo tsikulo analipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Winanso amene anaona ndi Caleb, koma iyeyo mukamufunsa amangoti foni yake ikulira. Zinachitika masanasana, mwezi wa Okutobala, chakufupi ndi ku Kachebere, ndiye musati mwina anthu ankalota.

Zelifa, mkazi wa a Cyprian, ali ndi saluni pa boma la Mchinji. Ntchito yake yeniyeni ndi kuphoda akwatibwi, koma dzanja lake linapitirira pamenepo. Anaphunzira pafoni kupanga mabala abodza, zipsera ndi makwinya, moti magulu a zisudzo akafuna munthu wooneka ngati wagundidwa ndi lole amabwera kwa iye. Luso ali nalo, palibe angatsutse. Chimene Mulungu anamumana ndi kudekha.

Ndiye kunabwera Caleb, mtsogoleri wa gulu lina la zisudzo, ndi maganizo ake aakuluakulu. Ankajambula filimu yodzudzula kudula mitengo, ndipo ankafuna munthu woti theka la nkhope likhale la munthu, theka linalo la mtengo. Khungwa lichokere pachipumi, litsike ndi tsaya mpaka m'khosi, oonera asadziwe pamene munthu wathera ndi pamene mtengo wayambira.

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero Zelifa, osadziwa kuti adzanong'oneza nazo bondo.

Woyamba kumuyesera anathawa tsiku lomwelo, ati guluu akumuyabwa. Apa n'kuti a Cyprian ali pakhomo, lole yawo itafera ku Chipata podikira sipeya. Iwowa anali dalaivala wa malole odutsa pa boda, munthu wamtali, wolongolola, wosakhazikika ngati nkhuku yofuna kuikira. Zaka khumi ndi ziwiri za banja, nyimbo ya Zelifa inali imodzi: "Bambo a Lonjezo, tamakhalaniko pakhomo." Caleb atawaona msinkhu anangoti mtengo wapezeka.

Koma kumata zinthu pankhope ya munthu wotero ndi chilango. Zelifa anayamba wadinda tsaya lawo ndi lateksi, mphira wamadzimadzi amene amagula ku Chipata, kuti apeze kachikopa kopyapyala kokwana bwino patsayapo. Pamwamba pake anamata tishu ndi thonje n'kupenta ngati khungwa. A Cyprian nthawi yonseyo foni ili kukhutu, akuseka, akutembenuka kupereka moni kwa aliyense wodutsa. Akaseka, kachikopako kankatukuka pakamwa. Akati akhaleko chete, thukuta la Okutobala linkasungunula guluu. Tsiku limene kanakhalako, Caleb anakayang'ana n'kunena kuti kakuoneka ngati buledi wopserera. Zelifa anayesa makungwa enieni: la bulugama linkapindika, la paini linkalemera n'kugwa. Masiku atatu anatha choncho, ndipo kunyumba anthu ankayenda monyang'ama kuopa kukalipiridwa.

Tsiku lojambula anapita m'mphepete mwa munda wina kuseri kwa Kachebere, pamene phiri limaonekera bwino. Mayi Esitele anatsatira kuti akaseke achimwene awo. Isanakwane leveni koloko, kachikopa kaja kanali katagwa kanayi.

"Asisi, dzuwa likutithera," anatero Caleb.

"Bwera udzamate wekha, ngati n'zophweka."

"Mayi a Lonjezo, musapse mtima," a Cyprian analowererapo akuseka. "Nkhope yanga ndi ya pamsewu, sigwira fumbi."

Zelifa anamatula kachikopako, thukuta ndi tindevu ta amuna ake zili pomwepo, n'kukaponya m'chikwama. Anatenga mpeni n'kuchokapo asanalankhule mawu oti ankhoswe adzakhalire pansi.

Pakati pa mundawo panali mlombwa umodzi wokha. Mizere yonse inkaulambalala patali, kusiya bwalo losalimidwa, koma Zelifa zimenezo sanaziikeko kumutu. Iye anaona khungwa basi: lakuda, long'alukang'aluka timagawo ting'onoting'ono, ndendende chimene ankafuna. Anakhadzula zidutswa zitatu, chilichonse kukula ngati chikhatho. Mlombwa ukatemedwa umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, zimenezo aliyense amadziwa, ndiye sanadabwe. Anangoona kuti utomoniwo ukumata zala, ndipo nzeru inamubwerera.

Anabwerera, anapala zidutswazo kuti zipyapyale, n'kuzikanikiza patsaya la amuna ake. Sanaike guluu kapena lateksi, utomoni womwewo basi. Anawerenga mpaka makumi atatu n'kuchotsa dzanja. Anagwedeza. Anakoka pang'ono.

"Zagwira," anatero, n'kupumira m'mwamba.

Mayi Esitele akuti mawu amenewo anawakhala moipa, chifukwa kumudzi amanenedwa pa fodya amene wawokeredwa n'kuyamba kumera mizu. Koma anangoti ndi maganizo a munthu wa khasu.

Zelifa anamalizitsa m'mphepete ndi penti, ndipo ntchito inaoneka. Ngakhale iye mwini, ataima patali, sanathenso kuloza pamene khungu lathera. Caleb anaimika a Cyprian pachulu, anawauza kuti atambasule mikono, kamera n'kuyamba.

Anaima bwino kwambiri, ndipo vuto linali lomwelo. Munthu amene sankatha mphindi imodzi osayankhula anatha ola lathunthu osasuntha. Foni inalira m'thumba mwawo katatu, sanaigwire. Caleb ankangoyamikira, koma Zelifa anayamba kuyang'anitsitsa.

Nyenje zimene zinkasokosa kuyambira m'mawa zinaleka zonse nthawi imodzi. Mphepo inaima. Kenako kunamveka fungo la mvula yoyamba ikagwa pa dothi louma, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Mayi Esitele ndiwo anaona nyerere. Zinkakwera mwendo wa achimwene awo pamzere, kudutsa pamimba, mpaka m'khosi. Iwo osaziphumula. Thukuta lija linali litaleka.

"Mlamu," ananong'ona, "achimwene sakuphethira."

"Caleb, zimitsa kamera," anatero Zelifa. "Zakwana."

Zelifa anawakhazika pampando n'kuyamba kuchotsa. Anathira spiriti, osatheka. Mafuta odzola, osatheka. Anamaliza madzi onse a m'chigubu, khungwa lili nganganga. Mantha anali atamugwira ndithu, koma iye mantha ake amatulukira m'kukalipa.

"Masiku atatu ndikupempha kuti zigwire, lero ndikupempha kuti zichoke. Ndinalakwira ndani ine?"

Analowetsa chikhadabo m'mphepete n'kutukula pang'ono. Panatuluka zofiira, zolenda, zosanunkha magazi. A Cyprian sanatsinzine. Anatsegula pakamwa pang'onopang'ono.

"Usakhadzule, mayi."

Chikhalireni sanamutchulepo choncho. Mawunso sanali awo.

"Bambo a Lonjezo, masewera amenewo ayi."

"Ndatopa kuyenda."

Caleb anali atabwerera m'mbuyo mpaka kugunda njinga ya munthu amene ankafika kumene. Anali a Alfred, mwini munda, mlimi wa fodya wosadziwa kuzungulira nkhani. Anali atadzera pa mlombwa paja ndipo ankabwera ndi mkwiyo, koma ataona nkhope ya a Cyprian anavula chipewa.

"Wasenda mtengo uja ndani?"

"Ndine," anatero Zelifa. "Makungwa atatu okha, bambo. Mtengo sufa ndi zimenezo."

"Munafunsa ndani? Safunsa anadya phula, mayi. Inu mwaona munda wonse wolima, malo amodzi okha osalima, mwati ndife aulesi?"

Anatsitsa mawu n'kufotokoza zimene anamva kwa bambo awo. Kalekale munthu wina wapaulendo, wopita ku mafamu a ku Zambia wapansi, anafera pamenepo. Dzina lake panalibe analidziwa, ndiye sanapite naye kumanda a mudzi, anamuika pomwepo. Koma anthu ankamvabe mapazi akudutsa m'njira, kupita ndi kubwera, mpaka anazika chikuni cha mlombwa kumutu kwa mandawo. Chitaphuka, mapazi analeka.

"Kaya n'zoona, ine sindinaliko," anatero a Alfred. "Koma sindilimapo."

"Ndiye titani?"

"Mubwere nawo. Bala la mtengo mulimate ndi matope, mupepese. Zina sindidziwa."

Kuwayendetsa a Cyprian mtunda wochepawo inali ntchito ya anthu atatu. Phazi lililonse linkachita kuzulidwa. Atafika anawatsamiritsa patsinde. Bala lija linali likudonthabe.

Matope a Okutobala mungawapeze kuti? Dothi linali gwa, madzi anali atathera kunkhope, chitsime chili kutsidya kwa dambo. A Alfred anakwera njinga kukatunga. Anthu anadikira. Khungwa linali litafika pakhutu, pamene Zelifa sanamatepo. Analiona yekha likuyandikira diso.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndanena kale za Zelifa. Anakhuthula chikwama pansi n'kutola kachikopa ka lateksi kaja, kodindidwa patsaya la amuna ake. Kwa iye bala ndi bala, ndipo kubisa bala ndiyo ntchito yake. Anakapaka guluu, anakakanikiza pamtengo, n'kusalaza m'mphepete ndi chala monga amachitira ndi nkhope ya mkwatibwi.

"Nali khungu lanu, agogo, kaya ndinu ndani," anatero mano ali gwa. "Pepani. Tsopano ndibwezereni amuna anga, ndili ndi zochita."

Zidutswa zitatu zija zinagwa zokha patsaya la a Cyprian, chimodzichimodzi, zouma ngati za chaka chatha. Nyenje zinayambanso. A Cyprian anaphethira, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa ngati kujambula kwatha chifukwa njala yawapweteka. Tsaya linali losalala, lopanda chipsera. Mayi Esitele analira ndi chimwemwe. A Alfred atafika ndi madzi anaona chimene chamatidwa pamtengo, anayang'ana Zelifa nthawi yaitali, n'kuthira madziwo pansi.

Sipeya ya lole inafika sabata yotsatira. A Cyprian anati apita mawa. Mawa linakhala mawa, mpaka lole inapatsidwa dalaivala wina. Sanadwale, sanapenge. Amadya, amacheza pang'ono, ana amawadziwa. Kungoti m'mawa uliwonse amatuluka osavala nsapato n'kukaima pabwalo, nkhope kudzuwa, mpaka wina awaitane. Zelifa amene ankalirira kuti azikhala pakhomo anayamba kuwathamangitsa: "Tapitani ngakhale kubawo, mukundiimira pakhomo ngati mzati." Iwo amangomwetulira.

Mvula itagwa, Zelifa anapita yekha ku Kachebere kuti akamatule kachikopa kaja n'kumata matope monga anauzidwira. Lateksi sakhala miyezi iwiri padzuwa, amafumbutuka. Anakapeza kali bwinobwino, m'mphepete mutalowa m'khungwa. Anakhudzapo ndi chala. Panali pofunda. Tindevu tija tinali titatalika.

Anabwerako osauza munthu, mpaka tsiku limene ana a Alfred anasadza nthambi imodzi kuti akonzere chigafa cha fodya. M'mawa womwewo, ku boma, a Cyprian anagwetsa kapu ya tiyi. Mkono wamanzere unangoti lende, ndipo mpaka lero sunadzukenso. Kuchipatala anawajambula, anati sakuona chovuta. Apo ndi pamene Zelifa anaulula kwa mlamu wake, akukalipa ndi misozi yomwe.

Chiyambireni amapita kukaona mtengowo kawiri pasabata, ngakhale Loweruka limene akwatibwi amakhala pamzere. Anauzinga ndi waya waminga, anthu anaba wayayo. Anapempha a Alfred kuti amugulitse kamalo kokhako, iwo anati munda si wawo okha, ndi wa banja lonse. Chaka chino banjalo labwereketsa mundawo kwa munthu wa ku Lilongwe wolima soya ndi thirakitala. Zelifa anapita kukamufotokozera. Bamboyo anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa ngati filimuyo ili pafoni kuti naye aonereko.

Mayi Esitele anandiuza zonsezi Lachitatu lapitali. Akuti dzulo lake anali kwa achimwene awo, onse akumwa thobwa pakhonde masana. A Cyprian anasiya kumwa. Anayang'ana m'chiuno mwawo, n'kukweza mkono wamoyowo pang'ono ngati munthu amene telala akumuyeza.

"Kuli munthu," anatero motsitsa. "Akundizunguliza chingwe."

Zelifa anataya kapu n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa njinga yamoto, nsapato imodzi yokha kuphazi. Mayi Esitele anatsala atagwira achimwene awo dzanja. Akuti anakhala choncho mpaka Zelifa anaimba foni kuti wafika, pamtengo palibe munthu, koma patsinde palembedwa chizindikiro choti udulidwe, ndi penti yofiira, sanaume n'komwe.