Nthenga ya Nkhanga ku Ras Abu Aboud

Mtembo unapezeka 6:10 m'mawa wa Lachiwiri, pamiyala ya m'mbali mwa nyanja ku Ras Abu Aboud. Pofika 7 koloko, Kaputeni wa polisi anali ataitana kale a Macfussy Likaka. Mkuluyu anafufuza milandu kwathu zaka 22 asanabwere ku Doha kudzayang'anira alonda a pahotela, ndipo nkhani ikakhudza Mmalawi apolisi ankamudalira.

Wakufayo anali Overton, Mmalawi, dalaivala wa bwana wina wa ku Al Mirqab. Bala linali kunkhongo. Koma chimene chinawaumitsa thupi a Macfussy si balalo ayi. Mtembo unali wowongoledwa bwinobwino, maso otsekedwa, nsapato zitaikidwa pambali, shati itafunditsidwa kumaso.

"Wakuba sachita izi," iwo anauza Kaputeni. "Wachita izi ndi wakwathu, ndipo wamulira."

Pambali panali ndodo yowedzera, chingwe chodulidwa, mbedza palibe. M'thumba la malemuyo munali envelopu yonyowa, imene Kaputeni anaitumiza kuti ikaumitsidwe.

Nthawi ya 9:30 a Macfussy anali ku Bin Mahmoud kwa Fyness, namwino, mchemwali wa Overton.

"Ndodo ija ndi ya bwana wake," anatero Fyness, maso ali psuu. "Okutobala aliyense bwanayo amapita ku holiday ku Mozambique, kuloji ina ya kutali kumene mtsinje umathira m'nyanja. Msewu kulibe, amafikako pa boti. Akagwira nsomba amaijambula n'kuibwezeranso m'madzi."

"Za anthu okhuta! Nyambo yake?"

"Nthenga zomangirira pambedza. Achimwene ndi amene ankamanga, ndi nthenga za nkhanga zimene anabwera nazo kuchokera ku Ntcheu. Bwanayo amatenga dalaivala mmodzi, ndiye amamupatsa week imodzi yodumphira kumudzi. Zaka zitatu zonsezi ankapita ndi iwowo."

"Anali ndi adani?"

"Pakamwa basi, bambo. Kusereula sankakutha. Munthu akapsa mtima, iwo amvekere, 'Wakwiya ndi mfiti.' Lachisanu anagwirana pakhosi ndi Brave, Mmalawi mnzathu, mlonda wa pageti pawo."

Pofika 11:15 Brave anali m'chipinda chofunsira mafunso. M'mawawo akuti anali mtulo yekha, mboni analibe.

"Khalas, nkhani yatha," anatero Kaputeni. "Mawa apita kwa woimba milandu."

A Macfussy mtima unawawawa. Munthu kudzaolera m'ndende ya eni chifukwa cha ndewu ya Lachisanu? Komanso wokusungira mkwiyo sakuvula nsapato. Anapempha Kaputeni kuti awapatse mpaka madzulo.

"Iwe Brave, Overton kunyanja ankapita ndi ndani?"

"Ndi Yasini, dalaivala mnzake kwa bwana yemweyo. Overton ankamuphunzitsa kuponya chingwe asanayambe duty."

Yasini anamubweretsa 2:40 masana. Kunja kunali ng'anjo, koma iye anali atamanga mabatani mpaka pakhosi, kolala ili chiimire.

"Lero sindinapiteko, bambo. Ndodo ija sindinaigwire chiyambire Lamlungu."

"Unamva liti za maliro?"

"Cha m'ma 8, pagulu lathu la pafoni."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. A Macfussy anadzuka n'kukaima kumanzere kwake. Yasini anatembenuka thupi lonse pamodzi ndi mpando. A Macfussy anapita kumanja, chimodzimodzi. Khosi silinkapindika.

"Tatsitsa kolalayo, mwana wanga."

A Macfussy anaitsitsa okha. Kumbuyo kwa khosi kunali kotupa, mbedza italowa mpaka mkati, ndipo kanthenga ka mawangamawanga kanali pamtunda, kamagazi.

"Mbedza imeneyi ili ndi dzino lobwerera m'mbuyo, siituluka poikoka," anatero a Macfussy. "Kuchipatala unaopa kuti akufunsa ID, ndiye unangodula chingwe. Nanga mu Doha muno nkhanga unaionapo?"

Yasini anagwetsa nkhope pathebulo.

"Mwana wanga Eveless ali ndi zaka zinayi, bambo. Anabadwa nditachoka. Ndimangomuona pafoni, ndipo amanditcha ankolo. Leave yanga bwana amangoti inshallah, inshallah. Overton anandilonjeza kuti chaka chino andisiyira ulendo, bola ndidziwe kuponya. Miyezi isanu ndakhala ndikudzuka mbandakucha."

"Lero chinachitika n'chiyani?"

"Kunali mphepo. Nditaponya, mbedza inandikola pakhosi. Iye kuseka, mpaka kugwira m'mimba! Amvekere, 'Msodzi wodziwedza yekha angapite kuti? Tikiti yatuluka kale, ili m'thumba muno. Eveless ndikakupatsira moni.' Mutu unangozungulira. Ndinamukankha, n'kumenyetsa mutu pamwala. Ndinamuitana, ndinamugwedeza, osayankha. Sindikanamusiya ali chiyang'anire kumwamba ngati galu."

Kaputeni atamva kumasulira kwake, analamula kuti Brave atulutsidwe. A Macfussy sanasangalale ngakhale pang'ono. Anapulumutsa mwana wakwawo mmodzi popereka wina.

Nthawi ya 4:05 wapolisi analowa ndi envelopu ija, itauma. Kaputeni anawerenga pepala la mkatimo n'kuwapatsira a Macfussy. Inalidi tikiti ya ndege ya pa 9 Okutobala. Anaiwerenga kawiri.

"Yasini, Overton anakuuza kuti tikitiyo ndi ya ndani?"

"Sananene. Anangoti yatuluka."

A Macfussy analakalaka kuipinda n'kuibisa, koma umboni subisidwa. Anaiika pathebulo n'kuitembenuzira kwa iye.

Yasini analondola zilembozo ndi chala, pang'onopang'ono. Dzina linali lake. Pansi pake Overton anali atalembapo ndi cholembera: "Ukamuuze Eveless kuti ankolo ndi ineyo, iwe ndiwe bambo ake."