Kabowo ka Lenti

Mtembo unapezeka Lachitatu pa 6h40, m'chigwembe kumunsi kwa msewu, makilomita awiri musanafike pamalire a Zóbuè. Anali Ilídio, wojambula zithunzi wa ku Moatize, wazaka 34. Anali ndi bala limodzi kunkhongo.

Inspetore Rogério, amene anali atafufuza milandu zaka 22, anazungulira mtembowo kawiri. Pansi panalibe magazi. Kamera yodula inali m'chikwama pambali pake. Wakuba sakanaisiya.

Zithunzi zisanu ndi ziwiri zomaliza mu kameramo zinali za Lachiwiri pa 16h12: mzere wa makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu, pamalire, wojambulidwa kuchokera pachitunda. Imodzi mwa makamiyauwo inali ya Raúl, dalaivala amene mwezi wapitawo anaopseza Ilídio chifukwa chomujambula osapempha.

"Kutukwana ndinam'tukwana, shefe," anatero Raúl Lachinayi. "Koma onani pasipoti yanga."

Chidindo chinaonetsa kuti analowa m'Malawi Lachiwiri pa 16h30, n'kubwerako m'mawa wa Lachinayi lomwelo. Rogério anamumasula.

Masana anapita ku Moatize kukaonana ndi Hermínio, bambo wazaka 61, mwini situdiyo momwe Ilídio ankagwira ntchito. Hermínio anaphunzira kujambula ali kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndiye anaphunzitsa Ilídio.

"Munaonana naye liti komaliza?"

"Lachiwiri pa 8h00. Anakwera minibasi ya chapa yekha, akuti akajambule makamiyau."

"Inu tsikulo munali kuti?"

"Mommuno, shefe. Kunja kulibe chabwino, fumbi la malasha lokhalokha."

Lachisanu, Fatinha, wojambula wa apolisi, anaitana Rogério pakompyuta yake.

"Zithunzi zomalizazi sanajambule ndi Ilídio."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mu lenti ya kamera muli kabowo kolowetsa kuwala, timati abertura. Nambala ikakula, kabowoko kamachepa. M'khadi muli zithunzi zoposa 3,000, zonse pa f/5.6 kapena f/8. Zisanu ndi ziwirizi zokha zili pa f/22."

"Ndiye?"

"Kabowo kakachepa chonchi, kuwala kumamwazika podutsa. Kamera iyi ndi ya mamegapikiselo 45, sibisa kanthu." Anakulitsa chithunzi chimodzi. Zilembo za pakamiyau zinali mbuu, ngati zapakidwa mafuta. "Woidziwa kamerayi sangachite izi. Amatero ndi anthu a nthawi ya filimu. Iwo anaphunzira kuti ukatseka kabowo zonse zimaoneka bwino."

Fatinha anali atabwezeretsanso chithunzi china chimene chinafufutidwa Lachiwiri pa 9h20. Chinali cha msika wa Moatize, pa f/8, cha pa 3 mwezi womwewo. Tsiku limenelo galimoto inagunda mayi wogulitsa tomato n'kuthawa, ndipo mayiyo anamwalira. Atakulitsa pakona, nambala ya galimoto inawerengeka yonse. Nkhope ya woyendetsa nayo inaoneka: inali ya Hermínio.

Madzulo a tsikulo apolisi anafufuza situdiyo. Anapeza magazi m'mphako za chitsulo choimikapo kamera ndi kumbuyo kwa galimoto ya Hermínio.

Loweruka pa 10h30, Rogério anaika kamera ina ya apolisi patebulo m'chipinda chofunsira mafunso.

"Bambo Hermínio, mutafuna kujambula makamiyau onse aoneke bwino, woyamba mpaka womaliza, mungaike pati?"

"Pa 22," anayankha osaganiza. Kenako anayang'ana dzanja lake.

Rogério anayala zithunzi ziwiri, cha pamalire ndi cha kumsika. "Ilídio sanakwere chapa. Anafera mu situdiyo yanu. Munam'nyamula pagalimoto, munajambula izi kuti tiziti anafika ku Zóbuè wamoyo."

Hermínio anakankhira chithunzi cha kumsika pambali.

"Mayi uja sindinamuone, shefe. Maso anga anayamba kale kuchita mdima, koma sindinauze munthu. Ilídio anandipeza pachithunzi mwangozi, akukulitsa. Anati, 'Mesitiri, tiyeni ku esikwadira ya apolisi, ndikuperekezani.' Ndinam'pempha afufute. Ndinagwada. Iye anati mayiyo wasiya ana atatu ndipo akufunsabe amene anawaphera mayi awo. Atatembenuka kuti atenge chikwama, ndinanyamula chitsulo."

"Kamera munaisiyiranji?"

"Kuti muone zithunzizo." Anakokera cha pamalire pafupi ndi nkhope yake, akutsinzinira. "Kwa ine chikuoneka bwinobwino. Ankandiuza kawirikawiri kuti makamera a masiku ano safuna kutsekedwa chonchi. Ine ndinkati mwana amene ndinam'gwiritsa kamera koyamba sangandiphunzitse."

Rogério analemba nthawi, 11h05, n'kuitana wapolisi wapakhomo.